Ndani adzatijambule ife a kummawa titawerama pa foni?

Mu gulu lathu la WhatsApp la pachibale mwakhala mukuzungulira zithunzi za mzungu wina wa ku America dzina lake Eric Pickersgill, mwina ena munaziona kalekale chifukwa ndi za 2015 koma kwa ife zafika manje manje. Zomwe anachita munthuyu sizovuta kufotokoza, amapempha anthu kuti akhale mmene amakhalira masiku onse akamadinadina foni, ndiye akatsala pang'ono kujambula amawachotsa foniyo m'manja, iwo nkutsala choncho zala zopindika khosi lowerama maso ali pa chikhatho chopanda kanthu. Pali chimodzi mwamuna ndi mkazi agona pabedi limodzi koma afulatirana aliyense akuyang'ana dzanja lake, china ndi cha akwati atavala zaukwati koma palibe akuyang'ana mnzake. Zithunzi zonse ndi za black and white ndipo ntchito yonseyo anaitcha Removed. Palinso china cha Banksy, uja amajambula pa makoma usiku anthu osamuona nkhope, chomwe chinapezeka ku Bristol ku England mu 2014, mnyamata ndi mtsikana akumbatirana koma aliyense wadutsitsa dzanja kumbuyo kwa mnzake akuwerenga foni yake, kuwala kwa foni kuli pa nkhope. Chimenecho anachijambula pa thabwa la chitseko pafupi ndi kalabu ya achinyamata yomwe inali pafupi kutsekedwa chifukwa chosowa ndalama, thabwalo linagulitsidwa mapaundi 403,000 kalabu nkupulumuka.

Zithunzi zimenezi zimandigwira mtima, sindinama. Koma ndikaziyang'ana nthawi yaitali ndimaona kuti anthu ali mmenemo si ife. Munthu wa mu chithunzi cha Pickersgill ukamulanda foni watsala ndi nyumba yabwino, galimoto, akaunti ku banki, chomwe wataya ndi chosangalatsa chabe. Manje pitani pa Kapata market kuno ku Chipata, kummawa kwa Zambia, mukawalande foni amayi ogulitsa tomato, mwawalanda banki yawo, mwawalanda njira youzirana ndi mlimi wa kudimba kuti mawa abweretse mabokosi angati, mwawalanda mwana wawo ali ku Solwezi yemwe amatumiza kangachepe kumapeto kwa mwezi, mwawalandanso tochi yoyendera usiku malaiti akapita. Ndiye wojambula wa kuno akangokopera za azungu nkutionetsa kuti foni ndi yoipa basi, amayi aja adzayang'ana chithunzicho nkunena kuti uyu sadziwa chomwe akukamba, ndipo adzakhala akunena zoona.

Ife a zaka zathu tikukumbuka mmene zinalili. Maliro akachitika kumudzi uthenga umayenda ndi munthu pa njinga, kapena kukapereka chilengezo ku wailesi, Breeze FM kapena Radio Maria, nkumapemphera kuti achibale a ku Lundazi kapena ku Petauke akhale atatsegula wailesi nthawi imeneyo. Wachibale wa ku Kopala amamva mwina thupi litaikidwa kale. Ndalama zimayenda mu envelopu ndi kondakitala wa basi, zina kufika zina osafika. Foni inathetsa mavuto amenewa ndipo palibe munthu wanzeru angafune kubwerera kumeneko. Lero ngakhale za fetereza wa FISP mlimi amadikira uthenga pa foni, ambuya anga omwe sadziwa kuwerenga amasunga kafoni kawo ka mabatani mu kansalu komanga mfundo pamodzi ndi chitupa chawo cha NRC, ndipo kakalira amaitana mdzukulu kuti thamanga undiwerengere mwina ndi za ndalama.

Koma kugwadira nako kulipo, kumeneko sitingakane. Chaka cha 2024 chilala chija chomwe a President Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi atachepa ku Kariba malaiti nkumapita pafupifupi tsiku lonse, munaona zomwe zimachitika mu komboni. Malaiti akabwera pakati pa usiku nyumba yonse imadzuka, ndipo chinthu choyamba sikunali kuphika kapena kusita mayunifomu a ana, aliyense amathamangira soketi ndi chaja yake mpaka kukangana ana ndi makolo. Masana anthu amayenda ndi chaja m'thumba kusaka pomwe pali sola kapena jenereta, pa babashopu mafoni ataunjikana pa thebulo eni ake ataima panja kudikira. Pa 12 August 2021 tsiku la masankho WhatsApp ndi Facebook zitatsekedwa, anthu omwe sanamvepo za VPN, njira yolambalala kutsekedwa kumeneko, anaiphunzira tsiku lomwelo lisanafike madzulo. Ndipo pa maliro, pamene kale azibambo amakhala pa moto usiku wonse kukamba za malemu, za mvula, za milandu ya minda, manje mukaima chapatali mumangoona tinkhope towala tawerama ngati nkhuku zikutola chimanga, wina ali pa TikTok wina akubetcha mpira wa ku England, nkhuni zikutha palibe wosonkhezera. Anyamata ena ndalama ya piece work ya tsiku lonse imathera mu bandulo ndi kubetcha asanagule olo ka pamela ka ufa. Izi ndi zathu, zikuchitika mu Mchini, mu Navutika, ku Magazine, kumidzi konse, ndipo ndi zomwe ndikufuna kuziona zitajambulidwa ndi munthu wozidziwa.

Chomwe chimandipatsa mphamvu ndi chakuti ife Achewa njira yochitira zimenezi tili nayo kuyambira kale, sitikufunika kukaibwereka. Za kudambwe sizikambidwa pa intaneti ndipo ine sindizikhudza, ndikamba zokhazo zomwe mwana aliyense amaona pa bwalo. Gule wamkulu ntchito yake ina yakhala imeneyi, kuyang'ana chinthu chachilendo chomwe chalowa m'mudzi nkusokoneza anthu mitu, ndiye nkuchivina pamaso pa onse. Azungu atabwera kunatuluka Simoni, nkhope yofiira yopsa ndi dzuwa, atavala suti ya sanza. Amishoni atabwera ndi ziboliboli zawo kunatuluka Maliya. Magalimoto atayamba kudutsa m'misewu ya fumbi kunatuluka chilombo chotchedwa Galimoto. Makolo athu analibe manyuzipepala kapena nyumba zoonetsera zithunzi, koma anali ndi maso akuthwa ndipo chilichonse chomwe anthu ayamba kuchilemekeza mopitirira amachiika pa bwalo kuti mudzi wonse uchione bwinobwino. Mu 2005 a UNESCO anauika gule wamkulu pa mndandanda wa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, m'dzina la maiko atatu, Zambia, Malawi ndi Mozambique. Amene munafikako ku Mua ku Malawi, ku Kungoni komwe anayambitsa a Father Claude Boucher mu 1976, munaona mu Chamare Museum nkhope za gule zoposa 400, ndipo mukamayenda mmenemo mumakhala mukuwerenga mbiri ya zonse zomwe zinavutitsa kapena kuseketsa anthu athu, matenda, uhule, ulesi, kuledzera, umbombo wa mafumu, andale.

Kumudzi kwa amayi anga cha ku Chadiza, pa mwambo wa chiliza cha agogo ena, ndinaona ndi maso anga foni italowa pa bwalo. Chilombo chinatuluka chitagwira kathabwa kakuda kosalala, ng'oma zikulira azimayi akuimba akuomba m'manja, koma icho osavina ayi, changoima pakati chawerama chikukanda kathabwa kaja ndi chala. Oyimba ng'oma anakweza, icho osatekeseka. Mayi wina wachikulire anapita pafupi nkugwada kuchipatsa moni, icho chinangokweza dzanja limodzi kumuuza kuti dikira, maso osachoka pa kathabwa. Kenako chinayamba kuzungulira bwalo kathabwa kali m'mwamba, uku ndi uku, mpaka chinakakwera pa chulu chili kumapeto kwa bwalo, ndipo apo anthu anagwa nako kuseka chifukwa chulu chimenecho ndi pomwe mudzi wonse umakwera ukafuna netiweki. Chili pa chulupo chinayamba kukuwa ndi manja, kuloza, kukangana ndi munthu wosaoneka, pansi pano ng'oma zikungolira zopanda wovina. Nyimbo ya azimayi imanena za mkamwini yemwe apongozi ake anadwala usiku iye ali panja pa foni.

Chomwe chinachitika pa bwalo paja sichingachitike ndi chithunzi chotumizirana pa WhatsApp. Anthu amaseka koma akuyang'anana. Ambuya wina anakoka mdzukulu wake khutu nkumuloza chilombo chija ati "waona iwe? ndiwe uja." Azimayi amayang'ana mkamwini wina wake yemwe aliyense amadziwa kuti nyimboyo ndi yake, iye nkumaseka nawo mwamanyazi chipewa chili kumaso. Palibe anatukwanidwa, palibe anathamangitsidwa, koma uthenga unafika kwa mwini wake anthu onse akuona, ndipo madzulo ake pa moto nkhani inali imeneyo, amalume ena akuteteza anyamata kuti nanga ntchito azisaka bwanji popanda foni, ena akuti ntchito yanji yosakidwa 2 koloko usiku. Chithunzi cha Pickersgill chikafika mu gulu lathu aliyense amachiona ali yekha, wina amalemba "zoona izi", wina amaika ka emoji kolira, basi nkupitiriza kutsika pansi, palibe amene wayang'anidwa m'maso. Kusiyana kwake ndi kumeneko ndipo kwa ine ndi kwakukulu maningi.

Koma pali china chomwe chinandiwawa tsiku lomwelo ndipo chimandiwawabe. Pafupifupi theka la achinyamata pa bwalo paja anali atakweza mafoni akujambula vidiyo. Kujambula pakokha sindikudana nako, achibale ali ku Lusaka ndi ku Johannesburg nawo amafuna kuona za kwawo. Vuto ndi zomwe zimachitika vidiyo ija ikafika pa TikTok kapena pa Facebook. Amaidula kutsala masekondi ochepa pomwe chilombo chikudumpha kapena kuthamangitsa anthu, nyimbo ya azimayi amaichotsa nkuikapo nyimbo ina ya mu bala yomwe ikuvuta masiku amenewo. Manje aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti mwambo wa gule uli mu nyimbo, mavinidwe ndi zovala zimathandizira chabe, nyimbo ndi imene imakuuza kuti chilombo ichi chabwera kudzadzudzula chani. Ukachotsa nyimbo watsala ndi chinthu choopsa kapena choseketsa chopanda mutu, ndipo ndi chifukwa chake mu ma comment mumadzaza anthu otukwana kuti ndi zausatana, ena kumangoseka, palibe amene waphunzirapo kanthu. Pitani ku Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa August, kapena ku Nc'wala ku Mtenguleni kwa Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni kumapeto kwa February, muone kuchuluka kwa manja ali m'mwamba, munthu wayenda ulendo wautali walipira basi wapsa ndi dzuwa koma mwambo wonse wauonera pa kagalasi ka foni yake. Akuluakulu akamadandaula za mafoni pa miyambo achinyamata amaganiza kuti ndi kutsalira, koma akulu aja akuona chinthu chenicheni, luso lomwe ntchito yake inali kutidzudzula likusandutsidwa chakudya cha foni yomweyo.

Ana nawo akutijambula, kungoti sitilabadira. Ife tili ana tikapita kudambo kukatapa dongo timaumba ng'ombe, ngolo, miphika, anyamata nkumapanga magalimoto a mawaya. Mwana wa mlongo wanga ndi anzake manje amaumba mafoni, ndipo amaumba mwaluso, kagalasi kosweka amakamatika kutsogolo, kumbuyo amaboola timaenje titatu ta kamera, chaja amapanga ndi luzi nkuilowetsa mu mng'alu wa khoma. Ndinawamvetsera tsiku lina akusewera zawana, yemwe anali mayi anakhala pa mpando ndi foni yake ya dongo, kamwana kakubwera kuti amama njala, iye osatembenuka ati "choka apa ndili pa foni." Mawu amenewo sanawapeke yekha, anawamva m'nyumba.

Ndiye pali ojambula a m'tauni, ma sign writer, anyamata omwe amalemba pa mashopu ndi kujambula mitu ya anthu pa mababashopu. Mukaganiza bwino, zojambula zazikulu kwambiri mu Chipata muno kwa zaka zoposa 20 zakhala za mafoni. Telecel inasanduka MTN mu 2005, Celtel inasanduka Zain mu 2008 kenako Airtel mu 2010, ndipo dzina likasintha makoma a magrosale kuyambira mu tauni mpaka ku Mwami border amapakidwanso penti yatsopano. Onjezani ma booth a mobile money omwe angoti mbwee mu msewu uliwonse, ofiira, achikasu, obiriwira. Makampani akuchita malonda awo ndipo eni mashopu amakondwa kupakiridwa khoma, palibe cholakwa pamenepo, koma zotsatira zake ndi zakuti mwana wokulira muno chithunzi cha foni chomwe amachidziwa ndi chimodzi chokha, munthu wa mano oyera akumwetulira foni ili pa khutu.

Mmodzi wa anyamata amenewa ndimamudziwa, amagwirira ntchito kuseri kwa mashopu ena cha ku Down Shops. Ndinapita kukalembetsa chikwangwani cha alamu anga ndipo pakona ndinaona plywood yotembenuzidwa, nditaitembenuza ndinapeza chithunzi chomwe mpaka lero chili m'mutu mwanga. Anajambula ka booth ka mobile money madzulo, mkati muli mtsikana watopa watsamira dzanja, panja pali mzere wa anthu, agogo agwira kapepala kolembapo nambala, mayi wabereka mwana akuwerenga makwacha, mnyamata wa njinga, bambo wa tayi, mwana wa sukulu, ndipo onse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo avula nsapato azisiya pambali mmene timachitira polowa malo olemekezeka. Sanawajambule ngati zitsiru ayi, nkhope zawo ndi za anthu omwe timawadziwa, otopa, oyembekezera, ena ali ndi mantha kuti mwina ndalama sinalowe. Ndinamufunsa kuti "mphwanga, ichi bwanji wachibisa kuno?" Iye anaseka ati "akulu, ichi agula ndani? Azungu opita ku Mfuwe amafuna njovu ndi kambuku, a kuno amafuna ndiwalembere mitengo ya ma bandulo. Ichi ndinangojambula chifukwa chimandivuta mu mtima."

Mawu amenewo ndi omwe anandipangitsa kulemba zonsezi. Luso lilipo, maso alipo, chosowa ndi khoma ndi munthu wolipira. Malo odziwika oonetsera zithunzi ngati Henry Tayali Visual Arts Centre ali ku Showgrounds ku Lusaka, makilomita oposa 500 kuchoka kuno, mnyamata wa ku Down Shops adzafikako liti ndi plywood yake pa basi, ndipo olo atafika, amayi a pa Kapata omwe ali mu chithunzicho sadzachiona. Msika wa alendo opita ku South Luangwa ndi wabwino, wadyetsa mabanja ambiri, koma waphunzitsa ojambula athu kuti chogulika ndi nyama ndi dzuwa likulowa, moti munthu wa kummawa mmene akukhalira lero sapezeka pa nsalu iliyonse. Ku Mfuwe komweko kuli azimayi omwe amatenga mawaya a misampha yomwe yachotsedwa mu thengo nkupanga mikanda ndi zibangili zogulitsa mpaka kunja, ndiye ine ndikadutsa pa anyamata okonza mafoni nkuona makatoni odzaza mafoni akufa, magalasi osweka, mabatire otupa, machaja oduka, ndimaganiza kuti wosema kapena woumba wina akanazitola zimenezi akanatipangira chinthu choti tiime nkuyang'ana. Mkati mwa mafoni amenewo muli kopa, chuma chomwe dziko lathu lino limakumba nkutumiza kunja, chimabwerera kuno chili mu kabokosi kokongola ife nkuchigula ndi ndalama ya soya ndi nshawa, chikafa nkuchitaya kuseri kwa shopu. Nkhani yonseyo ili mu katoni imodzi ndipo palibe akuigwira.

Magulu a drama m'masukulu ndi m'matchalitchi amayesako, ndaonapo masewero a banja lotha chifukwa cha pasiwedi ya foni ndipo anthu amaseka kwambiri, koma nthawi zambiri amathera pa chibwenzi basi, ngati vuto la foni ndi kubisa mameseji chabe. Za mnyamata wobetcha ndalama ya fetereza ya bambo ake, za agogo omwe anaimbiridwa ndi munthu wonamizira kuti watumiza ndalama molakwika iwo nkubweza zawo zenizeni, za mtsikana wa mu booth yemwe amagwira masauzande tsiku lonse koma malipiro ake osakwana renti, za mwana yemwe amadziwa nkhope ya mayi ake ili yowala ndi foni kuposa ikumuyang'ana iye, zimenezi sindinazione pa siteji ndipo ndi zomwe zikutidya.

Kwa inu ojambula mavidiyo pa miyambo pempho langa ndi laling'ono, pemphani kaye kwa eni bwalo, ndipo mukaloledwa musachotse nyimbo, isiyeni imveke yonse olo vidiyo italike, lembaninso pansi pake zomwe nyimboyo ikunena kuti wa ku Lusaka wosamva Chichewa chakuya adziwe. Kwa inu muli ndi mashopu, khoma lakutsogolo apatseni a kampani palibe vuto, koma lam'mbali lija lomwe limangokhala ndi mikodzo ndi mapositala akale a andale mupatseni mnyamata wa m'dera lanu ajambulepo zomwe akuona. Ine ndakamba kale ndi alamu anga omwe ali ndi grosale ku Kapata, poyamba amakana ati makasitomala adzaganiza kuti tikuwanyoza, koma nditawaonetsa plywood ija anakhala chete nthawi yaitali kenako anati mayi wobereka mwanayo akufanana ndi mkazi wawo, avomera. Penti ndigula ine, iwo alipira mnyamatayo, ndipo Loweruka likubwerali tikayamba kupala khomalo.